Chikepe chopita mumlengalenga: masamu akulola, koma chingwe chake palibe

Dishi ya DStv ikakhomedwa pakhoma imatha zaka ikuloza malo amodzi kumwamba. Dzuwa limatuluka n'kukalowa, mwezi umayenda, nyenyezi zimasuntha usiku wonse, koma dishi ija siitembenuka. Ikangopotoka pang'ono chifukwa cha mphepo kapena mpira wa ana, chithunzi chimazima. Chimene ikuloza ndi setilaiti yomwe ili makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta. Setilaitiyo sinaime ayi, ikuthamanga makilomita pafupifupi 11,000 pa ola. Kungoti pamtunda umenewo imatenga maola 23 ndi mphindi 56 kuti izungulire dziko, nthawi yofanana ndendende ndi imene dziko limatenga kuti litembenuke kamodzi. Kwa ife a pansi pano imaoneka ngati anaikhoma ndi msomali.

Tsono ngati kumwambako kuli chinthu chokhala pamwamba pa malo amodzi osachokapo, bwanji osatsitsa chingwe kuchokera kumeneko mpaka chidzagunde pansi, anthu ndi katundu n'kumakwera pachingwepo? Ganizo la chikepe cha mumlengalenga ndi lomweli basi. Limamveka ngati nthano ya pamoto, koma akatswiri a sayansi ataliwerengera anapeza kuti palibe lamulo lachilengedwe limene likuphwanyidwa.

Woyamba kulilemba anali Konstantin Tsiolkovsky, mphunzitsi wa ku Russia, mu 1895. Nsanja ya Eiffel ku Paris inali itangotha zaka 6, ndipo iye anaganiza za nsanja yomangidwa kuchokera pansi mpaka kumtunda uja. Nsanja yotero singaime. Chilichonse chomangidwa mosanjikiza chimapsinja za pansi pake, ndipo ngakhale phiri limafika msinkhu woti miyala ya kutsinde singapirirenso. Everest ndi wamtali mamita 8,849, pamene nyumba yaitali kwambiri imene anthu anamanga, Burj Khalifa ku Dubai, ndi mamita 828. Mu 1960 injiniya wa ku Leningrad, Yuri Artsutanov, analitembenuza ganizoli chadodolido m'nkhani imene analemba m'nyuzipepala ya Komsomolskaya Pravda. Iye anati tisamange chokwera, titsitse cholendewera: chinthucho chizikhala chokokedwa ngati chingwe, osati chopsinjidwa ngati mzati. Nkhaniyo sinamveke kunja kwa Soviet Union, moti mu 1975 Jerome Pearson wa ku America anatulukiranso zomwezo payekha, n'kulemba masamu ake mwatsatanetsatane.

Kuvutikiranji, maroketi alipo?

Ambiri timaganiza kuti chovuta pa ulendo wa mumlengalenga ndi kutalika. Si choncho. International Space Station, chombo chachikulu chozungulira dziko mmene akatswiri a sayansi amakhala ndi kugwira ntchito, ili makilomita pafupifupi 400 okha kuchokera pansi, mtunda umene basi imatha tsiku lisanathe. Kumeneko mphamvu yokoka ya dziko ikadalipo pafupifupi 90 peresenti ya mmene timaimvera kuno. Chimene chimachititsa kuti isagwe ndi liwiro: ikuyenda cham'mbali makilomita oposa 27,000 pa ola, moti imagwa ndithu koma nthawi zonse imaphonya dziko. Roketi imawotcha mafuta ambiri pofuna liwiro limeneli, ndipo tsoka lake ndi lakuti mafuta oti iwotche kutsogolo iyenera kuwasenza kuchokera pansi. Mafuta amanyamula mafuta anzawo. Roketi ya Falcon 9 ya kampani ya SpaceX imalemera matani pafupifupi 550 ponyamuka, koma katundu amene ingafikitse kufupi kuno sapitirira matani 23, ndipo wopita njira ya kumene kuli masetilaiti a TV ndi matani 8 ndi pang'ono.

Chikepe sichisenza mafuta. Mukawerengera mphamvu yofunika kukweza kilogalamu imodzi pachingwe mpaka makilomita 35,786, mumapeza mayunitsi a magetsi pafupifupi 13 ndi theka, omwe aja timagula a mita ya kunyumba. Zoona, injini ndi zotumizira magetsi zimataya mphamvu ina m'njira, choncho nambala yeniyeni ingakhale yokulirapo kangapo. Komabe kusiyana kwake ndi roketi n'kwakukulu kwambiri, ndipo n'chifukwa chake anthu anzeru zawo sanalitaye ganizoli.

Chingwecho chimaima bwanji popanda pochikoloweka? Amene anazunguzapo mwala pa gulaye akudziwa kuti chingwe chimakungika chifukwa mwala ukufuna kuthawa. Dziko nalo likuzungulira, ndipo chingwe chomangidwa pa ikweta chimazungulira nalo. Kachigawo kalikonse ka chingwe kamakokedwa mbali ziwiri: dziko likukakokera pansi, kuzungulira kukukaponyera kunja. Pansi pa makilomita 35,786 imapambana ndi mphamvu yokoka ya dziko. Pamwamba pa mtunda umenewo kumapambana ndi kuponyedwa kunja. Ndiye chingwe sichithera pa setilaiti paja, chiyenera kupitirira patali kuti gawo lakumtunda lizikoka lakumunsi. Chikakhala chingwe chokhachokha chiyenera kutalika makilomita pafupifupi 144,000. Mukamangirira chinthu cholemera kunsonga, mutha kuchifupikitsa kufika cha m'ma 100,000, komwe ndi kuposa kota ya ulendo wa ku mwezi. Pakati paja, pa makilomita 35,786 pamene mbali ziwiri zikulimbirana, ndi pamene chingwe chimakokedwa kwambiri.

Chingwe chosenza chingwe

Pano ndi pamene pagona nkhani. Tayerekezani chitsime chopanda polekezera, inu mukutsitsiramo chingwe chopanda ndowa. Mukamatsitsa, kulemera kwa chingwe chimene chalowa kale kukukoka pamene mwagwira. Idzafika nthawi yoti chiduke chokha, popanda katundu aliyense. Munthu angati tipote chonenepa. Sizithandiza. Chingwe chonenepa kawiri chimalimba kawiri, komanso chimalemera kawiri, ndipo chimadukira pa utali womwe uja. Choncho chinthu chilichonse chili ndi utali wake wodukira, umene umadalira kulimba kwake poyerekeza ndi kulemera kwake.

Waya wachitsulo wabwino amaduka akafika makilomita pakati pa 30 ndi 60, kutengera mtundu wake. Kevlar, ulusi umene amapangira zovala zotchinga zipolopolo, umafika pafupifupi 250. Zylon, Dyneema ndi ulusi wa kaboni wapamwamba zimayandikira 400. Omanga nyumba zosanja amalidziwa kale vutoli: chikepe cha zingwe zachitsulo sichipitirira kwenikweni mamita 500 paulendo umodzi chifukwa zingwezo zimalemera kuposa chimene zanyamula, ndipo kampani ya KONE ya ku Finland itatulutsa zingwe za kaboni mu 2013 zoti n'kufika mamita 1,000, inali nkhani yaikulu m'ntchito imeneyo.

Mwayi ndi wakuti chingwe cha mumlengalenga sichifunika utali wodukira wa makilomita 35,786 onse. Mphamvu yokoka imachepa mukamatalikira dziko, ndipo kuzungulira kuja kumapeputsako. Zonse zikaphatikizidwa, zili ngati kulendewetsa chingwe cha makilomita 4,960 pamalo pamene mphamvu yokoka ndi yofanana ndi ya pansi pano. Nambala ndi imeneyo: 4,960. Chabwino kwambiri chimene chikugulitsidwa lero chili pa 400.

Artsutanov ndi Pearson anali ndi njira yozembera. Chingwe chisakhale chofanana monse. Kunsi, kumene chikusenza zochepa, chikhale chowonda, ndipo chizinenepa pokwera mpaka pakati paja. Pamasamu, njirayi imalola kumanga ndi chinthu chilichonse, ngakhale chitsulo. Koma walira mvula walira matope. Ukanenepetsa gawo lina walemeretsa chingwe, ndipo gawo la pamwamba pake liyenera kunenepa koposa kuti lisenze kunenepa kwa linzake. Zimakula ngati ngongole ya katapira. Ndi Kevlar, kukula kwa chingwe pakati paja kuyenera kuposa kwa pansi kuwirikiza pafupifupi 250 miliyoni: kaulusi konga ka singano pansi pano kamasanduka chimtolo chotambalala mamita 16 mbali zonse, ndipo chimtolocho n'chotalika makilomita masauzande ambirimbiri, chonse choti chikwezedwe kumwamba. Ndi chitsulo, nambala yake ndi 1 wotsatiridwa ndi maziro oposa 30. Chingwe chotero chingatambalale kuposa mtunda wochoka kuno kukafika kudzuwa.

Pali chinanso chimene okonda ganizoli amachitchula mothamanga. Palibe injiniya amene amasenzetsa chingwe katundu wofika pamene chimadukira. Zingwe za zikepe za m'nyumba amazipanga zolimba kuwirikiza 10 kapena kuposa pa katundu amene zidzanyamule. Pa chikepe cha mumlengalenga mpata wotero kulibe. Ngakhale mutangofuna kuti chingwe chizigwira ntchito pa theka la mphamvu yake, nambala ya kunenepa ija siwirikiza kawiri, imadzichulukitsa yokha: 10 amakhala 100, ndipo 1,000 amakhala 1 miliyoni.

Mpaka cha m'ma 1990 nkhani inkathera pamenepa. Kenako mu 1991 Sumio Iijima, wofufuza wa kampani ya NEC ku Japan, anafotokoza za timachubu ta kaboni timene pa Chingerezi amati carbon nanotubes. Ndi maatomu a kaboni, yemwe uja ali m'makala ndi mu mtima wa pensulo, olumikizana ngati zisa za njuchi n'kupindidwa kukhala kachubu kowonda kuwirikiza masauzande ambiri kuposa tsitsi. Kachubu kamodzi kangwiro kali ndi utali wodukira wa makilomita 5,000 kapena kuposa. Kwa nthawi yoyamba panapezeka chinthu chofika pa nambala ija. Bungwe la NASA, loona za mumlengalenga ku America, linapereka ndalama kwa Bradley Edwards kuti aunike nkhaniyi pakati pa 2000 ndi 2003, ndipo pulani yake ndi imene ambiri amatsatira mpaka lero: chingwe chophwatalala ngati riboni, mita imodzi m'lifupi, chopyapyala kuposa pepala, chotalika makilomita 100,000. Choyamba chingakhale chopepuka, cha matani pafupifupi 20, chokwezedwa ndi roketi n'kutsitsidwa pang'onopang'ono. Kenako timakina toposa 200 tingakwere motsatizana, kalikonse kakuwonjezera ulusi, monga mmene amayambira mlatho wolendewera ndi waya mmodzi.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kamodzi mwa timachubu tatitali kwambiri timene tinapangidwapo, ku yunivesite ya Tsinghua ku Beijing mu 2013, kanali masentimita 55. Timachubu tambiri ndi tatifupi kwambiri kuposa pamenepo, ndipo mukatipota kuti tikhale ulusi wogwirika ndi manja, sitidukira m'kati mwake koma timangopululukana, chifukwa ndi toterera ndipo sitigwirana mwamphamvu. Ulusi wotero umatsala ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu ija, kapena kucheperapo. Ndiponso mawu akuti kangwiro ndi olemera. Mu 2016 gulu la Feng Ding ku Hong Kong Polytechnic University linawerengera kuti atomu imodzi yokha ikakhala pamalo olakwika, mphamvu ya kachubu imatha kutsika kupitirira theka. Graphene, chinsalu cha kaboni chopyapyala ngati atomu imodzi, m'bale wake wa timachubuti amene Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anamupatula ku Manchester mu 2004, akutchulidwanso masiku ano, koma funso lake ndi lomwelo: ndani angayale chinsalu cha maatomu cha makilomita 100,000 popanda cholakwika? NASA inaikapo mphoto ya ndalama pa mpikisano wa chingwe cholimba kuyambira 2005, ndipo palibe amene anaitenga.

Tinene kuti chingwe chapezeka

Chikepe ichi sichingakokedwe ndi chingwe china ngati cha m'nyumba. Chiyenera kukwera chokha, matayala ake atapana riboni uku ndi uku. Pa liwiro la makilomita 200 pa ola, ulendo wofika pa 35,786 ndi wa masiku 7 ndi theka. Magetsi achokera kuti? Mabatire a mlungu wonse angalemere kuposa katundu. Waya wa magetsi angalemeretse chingwe chimene chili kale pamalire. Edwards anasankha kuwala kwa laser kowombedwa kuchokera pansi, kukagwera pa mapanelo a pansi pa chikepe. Izi zinayesedwako: mu 2009 kampani ya LaserMotive inapambana madola 900,000 pa mpikisano wa NASA ku California, makina ake atakwera chingwe cha pafupifupi kilomita imodzi cholendewera ku helikopita, pa liwiro la mamita osakwana 4 pa sekondi. Ndi chiyambi chabwino, ngakhale kuti pa liwiro limenelo ulendo wonse ungatenge miyezi yoposa itatu. Kumtunda kulibenso mpweya woziziritsa injini, choncho kutentha konse kuyenera kutayidwa kudzera m'zitsulo zotambalala zomwe nazo ndi katundu.

Pali chinthu china chosaoneka msanga. Nyerere yoyenda pa sipoko ya njinga kuchokera ku habu kupita ku limu imanka ithamanga kwambiri mozungulira, ngakhale iyo ikungoyenda molunjika. Chikepe chikakhala pansi pa ikweta chikuyenda ndi dziko makilomita 1,670 pa ola kulowera kum'mawa. Chikafika pamwamba chiyenera kukhala pa 11,000. Liwiro lowonjezeralo chimalitenga ku chingwe, ndipo potero chimakankhira chingwe kumadzulo. Zikepe zingapo zikamakwera ndi kutsika, mwezi ndi dzuwa nazo zikukoka, chingwe chimayamba kunjenjemera ngati nsambo ya gitala, ndipo wina ayenera kuwerengera nthawi yonyamukira chikepe chilichonse kuti kunjenjemerako kusakule.

Apa pali chodabwitsa chimene chimasokoneza ambiri. Mutatsika chikepe pa makilomita 400, pamene International Space Station imadutsa, simungayandame. Mungagwe ngati mwala, chifukwa liwiro lanu la cham'mbali ndi lochepa kwambiri. Muyenera kukwera kupitirira makilomita 23,000 kuti mukachitaya chingwe muphonye dziko. Koma mukapitirira mpaka cha m'ma 47,000, kungotsegula dzanja n'kokwanira kuti gulaye uja akuponyeni kunja kwa mphamvu ya dziko, popanda dontho la mafuta. Kwa ofuna kutumiza zombo ku Mars, phindu lenileni lili pamenepo.

Njira yonseyi ndi yodzadza ndi adani. Makilomita oyambirira muli mphepo, mphenzi ndi madzi oundana. Pamwamba pake pali mpweya wa okosijeni wa maatomu oyenda okhaokha umene umadya kaboni, moti chingwe chiyenera kukutidwa. Kupitirira apo pali malamba a Van Allen, amene anatulukiridwa mu 1958, odzadza ndi tizinthu toopsa ku thupi la munthu ndi ku makompyuta. Anthu a Apollo, amene anapita kumwezi, anawadutsa m'maola ochepa, koma wokwera chikepe angakhalemo masiku, ndipo zomutchinjiriza ndi zolemera. Ngakhale zingwe zazifupi zavutapo kale. Mu 1996 chombo cha mumlengalenga cha NASA chotchedwa Columbia chinkatsitsa setilaiti ya ku Italy pa chingwe cha makilomita pafupifupi 20, ndipo chitatsala pang'ono kutha kutambasuka chinapsa ndi magetsi amene chinadzipangira chokha podutsa mu mphamvu ya maginito ya dziko, n'kuduka.

Mdani wamkulu ndi zimene tinaponya tokha kumwambako. Setilaiti iliyonse yozungulira dziko imadutsa pa ikweta kawiri paulendo uliwonse, ndipo chingwe chaima pa ikweta pomwepo, osasuntha. Pakapita nthawi yokwanira, chilichonse chouluka m'munsi mwa 35,786 chidzakumana nacho, ndipo zouluka kufupi ndi dziko zimabwera pa liwiro la makilomita 7 kapena kuposa pa sekondi. Masetilaiti a intaneti a Starlink okha alipo masauzande. Mu 2007 dziko la China linaphwanya dala setilaiti yake ya Fengyun-1C ndipo panatsala zidutswa zoposa 3,000 zotheka kuzilondola. Mu 2009 setilaiti ya Iridium 33 ya ku America inawombana ndi Kosmos 2251 ya ku Russia. Zazikulu zimaoneka pa radar, ndipo n'chifukwa chake Edwards anati tsinde la chingwe likhale pa chombo cha panyanja ya Pacific, kumadzulo kwa Ecuador kumene mphenzi ndi namondwe n'zosowa, kuti chombo chikasuntha chingwe chizizinda. Tating'ono tosaoneka tizingoboola basi, ndipo riboni yotambalala inasankhidwa dala kuti ulusi wina ukaduka unzake ugwire. Ndiye kuti chingwechi chingafune kusokedwa tsiku ndi tsiku, moyo wake wonse.

Chitaduka, gawo la kumtunda lingathawire kunja, la kumunsi lingagwe molowera kum'mawa motsata ikweta, imene ndi yozungulira makilomita 40,075. Riboni yopyapyala yambiri ingapse m'mlengalenga kapena kutsika ngati pepala, koma zikepe zimene zili panjira si mapepala. Ikweta imadutsa ku Ecuador, Colombia, Brazil, Gabon, mayiko awiri a Congo, Uganda, Kenya, Somalia ndi Indonesia, ndipo mayiko amenewa sangangoonerera wina akuimika chinthu chotero pamutu pawo. Nkhani ya mwini kumwamba kwa ikweta si yatsopano: mu 1976 ena mwa mayikowa anasainirana chikalata ku Bogotá chonena kuti gawo la njira ya masetilaiti limene lili pamwamba pawo ndi lawo, ngakhale kuti mayiko ena sanachivomereze.

Mu 2012 kampani ya Obayashi, imene inamanga nsanja ya Tokyo Skytree ya mamita 634, inalengeza kuti ikufuna kukhala ndi chikepe pofika 2050: chingwe cha makilomita 96,000, chikepe cha anthu 30, ntchito yomanga kuyamba mu 2025. Chakacho chinafika popanda chomangidwa, ndipo kampaniyo siinabise kuti chingwe chake sichinapezeke. Kuona kwanga, zaka zimene zimatchulidwa m'nkhani zotere sizoyenera kuzikhulupirira, chifukwa si ndalama kapena khama zimene zikusowa, koma chinthu chimene fakitale iliyonse sinapangepo ngakhale mita imodzi yogwirika. Chikadzapezeka tidzachiona poyamba m'milatho, m'ndege ndi m'zikepe za m'nyumba, zaka zambiri chisanaloze kumwamba. Pakali pano maroketi otera n'kugwiritsidwanso ntchito, monga Falcon 9 imene inatera koyamba mu December 2015, akutsitsa mtengo umene chikepe chinkafuna kupikisana nawo.

Dziko lathu ndi limene lili lolemera mopitirira. Ku Mars mphamvu yokoka ndi yochepera theka la ya kuno ndipo malo oima aja ali pa makilomita 17,000 okha, koma kamwezi kake kotchedwa Phobos kamazungulira m'munsi mwa pamenepo, pafupi ndi ikweta, ndipo kangamadutse pamene pali chingwe pa maola 11 alionse. Ku mwezi wathu zinthu n'zosavuta koposa. Mphamvu yokoka ndi gawo limodzi mwa magawo 6, kulibe mphepo, kulibe mphenzi, zinyalala n'zochepa. Mwezi umatembenuka pang'onopang'ono kwambiri moti gulaye sangagwire ntchito, koma umaonetsa nkhope imodzi ku dziko nthawi zonse, ndipo chingwe chochokera pankhope imeneyo chingalendewere kulowera kuno, kudutsa malo ena makilomita pafupifupi 56,000 kuchokera pamwezi pamene kukoka kwa dziko, kukoka kwa mwezi ndi kuponyedwa kunja kobwera ndi kuzungulira zimalingana. Pearson yemwe uja anawerengera zimenezi, ndipo chingwe chake sichifuna timachubu tangwiro. Zylon kapena Dyneema, ulusi umene asodzi a zombo zikuluzikulu ndi okwera mapiri akugwiritsa kale ntchito, ungakwanire. Chimene kulibe kumwezi ndi katundu woti akwere, chifukwa munthu womaliza anachokako mu December 1972.